Tifunseni: Zomera za m'thanki yanga ya nsomba zikuwola

FUNSO: Ndili ndi thanki yagalasi ya nsomba pabalaza, ndipo ndinabzala Anubias ndi Java fern mumchenga wa pansi pake chifukwa ndinamva kuti zomerazi sizifuna kuwala kwambiri. Tsopano masamba akusanduka achikasu, tsinde likuwola, ndipo masamba otsalawo akutidwa ndi ndere. Magetsi akathima masana n'kubwera usiku, ndimasiya nyale ya pathanki ikuyaka mpaka m'mawa. Kodi ndichite chiyani? — Mayi wa ku Chilenje, Lusaka

YANKHO: Mayi, zomera zimene munasankhazo n'zoyenera ndithu, koma vuto lalikulu lagona pa kabzalidwe. Anubias, yemwe kwawo ndi m'mitsinje ya m'nkhalango za kumadzulo ndi pakati pa Africa, komanso Java fern wa kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ali ndi tsinde lopingasa looneka ngati jinja, ndipo masamba amaphukira pamwamba pake pamene mizu imatulukira pansi. Tsinde limeneli likakwiriridwa mumchenga limawola. Zulani zomerazo lero lomwe, ndipo muzigwire ndi zala: pamene pafewa, pada kapena pakununkha, dulanipo ndi lumo laukhondo mpaka mufike pobiriwira ndi polimba. Chotsalacho muchimangirire ndi ulusi pamwala kapena pachikuni cha m'thanki, osakoka mwamphamvu, ndipo pakapita milungu ingapo mizu idzagwira yokha.

Nkhani ya nyale ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ambirife mu Lusaka muno timagwa m'mbuna yomweyi kuthimathima kwa magetsi kukakula. Zomerazi zimakula pang'onopang'ono, moti Anubias amatha milungu ingapo asanatulutse tsamba limodzi, choncho kuwala kwa usiku wonse sangathe kukugwiritsa ntchito, ndipo chimene chimapindula nako ndi ndere. Maola 6 mpaka 8 patsiku ndi okwanira. Tsiku limodzi kapena awiri opanda nyale sangaziphe, bola m'chipindamo muzilowa kuwala kwa masana, koma thankiyo isakhale pawindo pamene dzuwa limawomba mwachindunji. Masamba amene ndere zawakuta kwambiri adulireni patsinde, ndipo enawo muwapukute modekha ndi chala.

Madzi a zitsime zambiri za mu Lusaka amakhala ndi laimu wambiri chifukwa cha miyala imene mzindawu unakhalapo, n'chifukwa chake m'mphepete mwa galasi mumatsala mzere woyera. Zimenezo zisakuopseni, popeza zomera ziwirizi zimapirira madzi oterowo. Ngati mukufuna kuwonjezera chomera chobzala mumchenga, yesani Vallisneria, yemwe amamera mwachilengedwe m'nyanja ya Malawi ndipo amakonda madzi a laimu. Mlungu uliwonse muzisintha gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo, ndipo a pampopi muziyamba mwawathira mankhwala ochotsa klorini.

Feteleza wamadzi wopangidwira zomera za m'thanki angathandize masamba achikasuwo, koma muyambe ndi theka la mlingo wolembedwa pabotolo, ndipo wa kumunda musamuthire m'thanki chifukwa angaphe nsomba. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi muziyang'anira kuti madzi akhale pakati pa madigiri 22 ndi 26. Mukaona timadontho takuda tondandalikana bwino kunsi kwa masamba a Java fern, musawadule, chifukwa imeneyo ndi njira yake yoberekana, osati matenda.