Mtsogoleri wanga wafa, ndiyambirenso?

Funso: Zikomo akulu, ine ndathedwa nzeru. Tikusewera kampeni (magemu angapo otsatizana) ya Necromunda, gemu ya patebulo ya tizidole ndi madayisi, ndi anzanga atatu, ine ndinatenga gengi ya Escher, azimayi okhaokha aja okonda mipeni ya poizoni, ndiye pa gemu yachitatu mtsogoleri wanga anamuwombera ali pamwamba pa nsanja mpaka kugwa, titaponya madayisi a zovulala panatuluka 66, wafa basi. Kachidole kameneka ndinakapenta masiku anayi. Pano gengi ya Goliath ya mnzangayo ikungonenepa. Ndifufute zonse ndiyambirenso?

Yankho: Pepani maliro achimwene, koma ayi musafufute kanthu. Gemu imeneyi a Games Workshop a ku Nottingham anaitulutsa mu 1995 n'kuibweretsanso mu 2017, ndipo chiyambire nkhani yake ndi yomweyo, magengi a anthu mwina 10 kulimbirana malo kunsi kwa mzinda wa Hive Primus, wina kutaya diso, wina kupunduka mwendo, mfuti kutha zipolopolo pomwe ukuifunitsitsa. Aliyense amayamba ndi ma credit 1,000, ndalama za mu gemuyi, koma ikafika gemu yachitatu palibe amene amakhala chimodzimodzi ndi mnzake, dala anaipanga choncho.

Malamulo amalola kuti mmodzi mwa otsalawo alowe m'malo mwa mtsogoleri, nthawi zambiri champion wanu, wankhondo wamkulu wotsatira kwa mtsogoleri, ndiye mukhala ndi mayi amene anaona bwana wake akugwa ndipo akudziwa amene anawombera. Inu mukufuna chiyaninso?

Komano nsanja ija. Kuima m'mphepete pamwamba popanda chotchinga ndi kudziputira dala, ukangowomberedwa umatha kugwa ndipo kugwako kumavulaza pakokha. A Goliath ndi zimphona zoyenda pang'onopang'ono, inu a Escher liwiro muli nalo, ndiye bwanji kuwadikira poyera? Zungulirani kuseri kwa makoma ndi mapaipi, muwapeze mmodzimmodzi, poizoni asamale zotsalazo. Zikavuta thawani msanga, kusiya bwalo sikuchititsa manyazi ngakhale mnzanuyo aseke bwanji, bola anthu anu atuluke amoyo akagwire ntchito yopeza ndalama. Mufunsenso amene akuyendetsa kampeni, yemwe amamuti Arbitrator, za thandizo lomwe gengi yofooka imapatsidwa ikakumana ndi yamphamvu, ambiri amaiwala kuti liliko.

Kachidole kaja musakaponye m'kabati. Kapenteni tsitsi mtundu wina, mukapatse dzina latsopano, mudzakabweze pabwalo ngati mng'ono wake wa malemu mukapeza ma credit.