Mabanki aku America aja anawasumira chifukwa chani

Achimwene mwafunsa kuti boma la America linkawasumiranji mabanki akuluakulu aja pomwe amene analephera kubweza ngongole za nyumba anali anthu wamba. Mlandu wake sunali wa kubwereketsa kwenikweni ayi, unali wa kugulitsa.

Kumeneko munthu akatenga mortgage, ngongole yogulira nyumba, banki sikhala pansi kudikira zaka 30 kuti amalize kubweza. Amatolera ngongole zambirimbiri nkuziunjika pamodzi, kupanga mapepala ogulitsa kwa ma investor, anthu ndi makampani oika ndalama kuti apeze phindu, ndiye eni nyumba akamabweza mwezi ndi mwezi ndalamazo zimapita kwa amene anagula pepala uja. Pogulitsapo pamakhala chikalata chofotokoza kuti anthu angongolewa amapeza ndalama zingati, amakhaladi m'nyumbamo kapena ndi ya lendi, nyumbayo ndi ya mtengo wanji. Bodza linali pamenepa. Zili ngati munthu wakugulitsani thumba la chimanga pamwamba choyera bwinobwino koma pansi anankafumbwe anamaliza kalekale, ndipo mwini wake akudziwa chifukwa anapisamo dzanja yekha asanasoke. Mabanki ena ankachita kulipira makampani oti afufuze ngongolezi, lipoti nkubwera kuti zingapo sizikukwana pa mlingo womwe analonjeza, iwo nkuziponya momwemo basi bola zigulidwe.

Mitengo ya nyumba itagwa cha mu 2007 ndi 2008 anthu nkuyamba kulephera kubweza, mapepala aja anasanduka zinyalala. Ena mwa amene anagula ambiri anali Fannie Mae ndi Freddie Mac, makampani awiri akuluakulu ogula ngongole za nyumba kwa mabanki, ndipo mu September 2008 boma linachita kuwatenga m'manja mwake nkuwapulumutsa ndi ndalama za misonkho. Ndiye mwaona pamene boma likulowera? Linapsa nalo. Mu September 2011 bungwe loyang'anira awiriwa, FHFA, linasumira mabanki 17 pa mapepala a ndalama pafupifupi 200 biliyoni za madola, kenako a Department of Justice, unduna wa zachilungamo waku America, nawonso anabwera ndi milandu yawo.

Ambiri sanafune zokaima pamaso pa jaji, anangogwirizana kunja. JPMorgan inalipira 13 biliyoni mu 2013, Citigroup 7 biliyoni mu 2014, Bank of America 16.65 biliyoni chaka chomwecho, Goldman Sachs kuposa 5 biliyoni mu 2016, Deutsche Bank yaku Germany 7.2 biliyoni mu 2017. Ya Bank of America ija mbali yaikulu inali nyansi za Countrywide ndi Merrill Lynch, makampani amene inagula nthawi ya mavutoyo, inagula ng'ombe ndi nkhupakupa zake zomwe. Nomura yaku Japan inalimba mtima kuti tikaonana kukhoti, mu 2015 jaji Denise Cote anaigwetsa pamodzi ndi RBS, banki yaku Scotland, kuwalamula kulipira madola oposa 800 miliyoni.

Koma ine chimene chimandinyansa pa nkhaniyi ndi ichi, manambalawa amamveka oopsa koma analipira ndi banki, kutanthauza eni masheya, osati mabwana amene ankasaina zikalata zija nkumalandira mabonasi. Wamkulu wa ku Wall Street, kuchimake kwa mabanki aku America, amene amatchulidwa kuti analowa m'ndende ndi Kareem Serageldin wa banki ya Credit Suisse, miyezi 30, ndiponso wake unali mlandu wina, wokweza mitengo ya mapepalawa m'mabuku pobisa kuluza.

Komanso musaganize kuti ndalama zonsezo zinali kashi yopita ku boma. Pa 16.65 biliyoni ya Bank of America, 7 biliyoni inali yoti athandizire angongole, monga kuwadulira ngongole kapena kuwatsitsira chiwongoladzanja, ya JPMorgan inali 4 biliyoni. Thandizo lotere limakomera amene akadali m'nyumba mwake, tsono pofika 2014 anthu mamiliyoni anali atalandidwa kale nyumba.