Funsani Makaniko: Rolls-Royce ya pa okushoni yomwe yagona m'shedi kuyambira 2009

FUNSO

Zikomo a Makaniko. Ndine bambo wa zaka 52, ndimakhala ku Leicester kuno ku England ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Tili ana asukulu ku Blantyre ankatindandalika m'mbali mwa msewu kudikira Kamuzu, koma ine maso anga sankakhala pa iwo, ankakhala pa Rolls-Royce yawo. Chilakolako chimenecho sichinandichoke mpaka lero.

Tsopano ndaona Rolls-Royce Silver Shadow ya 1976 pa mndandanda wa okushoni ina. Alemba kuti ndi "unrestored", yakhala ndi mwini mmodzi kuyambira 1988, yagona m'shedi kuyambira 2009, koma injini imalira. Akuti ingapite pakati pa £4,000 ndi £6,000. Ine ndasunga £7,000 ya mashifiti ausiku. Ndikufuna ndiikonze pang'ono, ndiyende nayo chaka chimodzi, kenako ndiitumize kumudzi izikanyamula akwati. Mayi akunyumba akuti mutu wanga sukuyenda bwino. Ndigule?

Wa ku Ndirande, Leicester

YANKHO

Achimwene, mutu wanu ukuyenda bwinobwino, kungoti matenda amenewa ndimawadziwa chifukwa nanenso ndinadwalapo. Ndikuuzani kumapetoku mmene anandithera. Koma alamu anga musawanyoze, mwina ndi okhawo m'nyumbamo amene awerengera bwino.

Tiyambe ndi liwu lomwe lakukopanilo. Akalemba kuti "unrestored" angotanthauza kuti palibe amene anaiphwasula n'kuikonzanso yonse. Galimoto ziwiri zosiyana kwambiri zimavala dzina limeneli. Ina ndi ya nkhalamba yomwe inkaipititsa kwa makaniko chaka ndi chaka, penti ndi ya ku fakitale, zikopa za mipando zangofewa ndi ukalamba, malisiti ali m'faelo. Imeneyo ndi chuma, ndipo odziwa amailimbirana kuposa yopentedwa dzulo. Inayo ndi yomwe inaonongeka tsiku lina, mwini wake atamva mtengo wokonzetsera anaikankhira m'shedi n'kutseka chitseko. Ntchito yanu yonse musanakweze dzanja ndi kudziwa kuti yanuyi ndi iti. Ine ndikamva kuti galimoto inaima mu 2009, funso langa loyamba ndi lakuti inaimiranji. Munthu sasiya Rolls-Royce yoyenda bwino kuti makoswe aziswerana m'mipando.

Mtengowo usakudabwitseni. Silver Shadow inatuluka mu 1965, ankaipanga ku Crewe, ndipo pofika 1980 anali atapanga pafupifupi 30,000. Kwa kampani ngati Rolls-Royce chimenecho ndi chiwerengero chachikulu, n'chifukwa chake zilipo zambiri pamsika. Itangotuluka inkagulidwa ndalama zoposa £6,500, pamene nyumba wamba kuno inali yosafika pamenepo. Lero mtengo wogulira unagwa, koma mtengo wokonzetsera unatsalira kumwamba komweko. Sipeya sadziwa kuti galimoto munaigula motchipa.

Alemba kuti injini imalira. Chabwino, koma pa galimoto imeneyi injini si imene imasaukitsa anthu kawirikawiri. Ndi V8 ya malita 6.75, yoyenda mofatsa, ndipo giyabokosi yake ndi ya General Motors ya magiya atatu, yolimba ngati chitsulo cha njanji. Chomwe chimaliza anthu ndi mabuleki.

Ndifotokoze bwino pamenepa, chifukwa ndi pamene pagona ndalama zanu. Pa Corolla mukaponda buleki, mwendo wanu ndi umene umakankha mafuta kupita ku mawilo. Pa Silver Shadow si choncho. Rolls-Royce inatenga luso kwa Citroën ya ku France: pali mapampu awiri oyendetsedwa ndi injini, amene amapopera mafuta mwamphamvu kwambiri m'timipira tiwiri tachitsulo tokhala ndi mpweya wa nitrogen mkati. Phazi lanu limangotsegula njira kuti mphamvu yosungidwayo ipite ku mabuleki. Mafuta omwewo ndi amene amakweza kumbuyo kwa galimoto mukanyamula anthu. Wilo lililonse lakutsogolo lili ndi makalipa awiri, zipangizo zomwe zimapana disiki kuti galimoto iime, ndipo kunsi kwa galimoto kuli mapaipi ndi mavavu opiringizana mwakuti amakaniko akuno anapatcha dzina la msampha wa makoswe. Zonsezi zimafuna kugwira ntchito. Zikangokhala zaka 15, mafuta amamwa chinyezi, mapistoni a m'makalipa amagwirana ndi dzimbiri, malabala amauma, mpweya uja umathawa. Kuzibwezeretsa bwinobwino kwa katswiri kumadya mapaundi masauzande, ndipo si zachilendo kuti bilu yake ipose mtengo womwe munagulira galimoto.

Pali mayeso amene mungachite nokha ngati akulolani kuliza injini pa tsiku loonera. Isiyeni ilire mphindi zingapo mpaka timagetsi tiwiri tochenjeza za mabuleki tizime. Kenako zimitsani injini, tembenuzaninso kiyi kuti magetsi a pa dashibodi ayake koma osaliza, muyambe kuponda buleki mukuwerenga. Galimoto yabwino imalola kuponda maulendo makumi angapo timagetsi tija tisanayake. Tikayaka musanafike pa khumi, mwadziwa. Ndipo ngati timagetsito sitikuyaka n'komwe ngakhale mutaponda mpaka kutopa, dziwani kuti wina anachotsa mababu kapena mawaya, zomwe zikukuuzaninso za khalidwe la amene anali nayo.

Suzumiraninso m'thanki ya mafuta a buleki. Ya 1976 imamwa mafuta otchedwa RR363. Rolls-Royce za pambuyo pake, monga Silver Spirit ya 1980, zimamwa ena obiriwira, ndipo awiriwa sagwirizana m'pang'ono pomwe. Wina akalakwitsa n'kuthiramo obiriwirawo, labala iliyonse ya m'njira ya mafutawo imatupa, ntchito n'kuyambira pa chiyambi.

Chachiwiri ndi dzimbiri. Inu mukudziwa mchere umene amawaza m'misewu ya kuno nyengo yozizira. Silver Shadow inali Rolls-Royce yoyamba yopanda chasisi yapayokha, thupi lomwelo ndiye mafupa ake, choncho dzimbiri likadya pansi ladya galimoto. Pitani ndi tochi, maginito kakang'ono ndi zovala zoti mugone nazo pansi. Onani m'munsi mwa zitseko monse, m'mphepete mwa mawilo, pansi pa makapeti, pansi pa buti, ndi pamene masipuling'i akumbuyo amakhalira. Maginito akakana kumata pa chitsulo, pamenepo pali phala lomatira lomwe anabisira bowo. Koma musapusitsidwe: zitseko, boneti ndi chivundikiro cha buti ndi za aluminiyamu, maginito sagwira ngakhale zili zabwino. Ndinaonapo bambo wina akunyoza galimoto yabwino chifukwa cha zimenezi, anzake n'kuigula akuseka. Ngati denga lili ndi nsalu yakuda ija, papasani ndi zala, matuza ake ndi dzimbiri lomwe lili pansi. Ndipo mukaona yoyera mbee, fufuzani ngati inabadwa yoyera. Zambiri zinapentedwa mwachangu kuti zizinyamula akwati, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Injini muione ndithu, makamaka madzi. Buloko yake ndi ya aluminiyamu, ndipo ikakhala zaka ndi madzi akale opanda mankhwala imadyeka mkati. M'mbali mwa buloko muli timabowo tating'ono tomwe anaika dala kuti tiziulula ngati malabala a m'munsi mwa masilinda atha. Kuchucha pang'ono kwa oilo pamenepo n'kofala, koma madzi ndi nkhani ina. Za mkati sindichulukitsa: nunkhizani. Fungo la nkhungu ndi mkodzo wa makoswe likutanthauza mawaya odyedwa. Chikopa cha mipando, cha kampani ya Connolly, chouma chimafewetsedwa, chong'ambika chimadula, ndipo matabwa a pa dashibodi akasweka vanishi amafuna mmisiri wake. Matayala, ngakhale aoneke atsopano, ndi otaya onse.

Mapepala tsopano. Funsani V5C, ndiye buluu buku ya kuno, ndipo nambala ya chasisi igwirizane ndi yomwe ili pa galimoto. Ya kuno yoyendetsera kumanja imayamba ndi zilembo SRH. Lowetsani nambala ya galimoto pa tsamba la boma loonetsa mbiri ya MOT, mayeso aja ali ngati COF kwathu. Ndi laulere, ndipo popeza galimotoyi inkayenda mpaka 2009, muyenera kupeza zomwe oyeza analemba zaka zake zomaliza. Mukaona mawu onena za dzimbiri kapena mapaipi a buleki pa mayeso otsiriza, mwapeza chifukwa chomwe inaimira. Bungwe la okonda galimotozi, Rolls-Royce Enthusiasts' Club, limasunga zolemba za ku fakitale ku Hunt House m'mudzi wa Paulerspury ku Northamptonshire, ndipo kumeneko mungadziwe mtundu wa penti ndi zikopa zomwe inatuluka nazo. N'zoona kuti galimoto yopitirira zaka 40 kuno siikakamizidwa MOT ndipo msonkho wa pamsewu ndi ziro mukailembetsa ngati yakale, koma lamulo likufunabe kuti ikhale yoyenera pamsewu. Matani awiri opanda mabuleki apolisi sangakumvereni chisoni chifukwa cha kachidole ka pa boneti.

Pa okushoni penipeni, mtengo umene nyundo yagwera si umene mulipire. Pamwamba pake pali komishoni ya eni okushoni, ndipo komishoniyo ili ndi VAT ya 20 peresenti. Kampani iliyonse ili ndi mlingo wake, werengani malamulo awo. Tiyerekeze kuti ndi 10 peresenti ndipo nyundo yagwa pa £5,000: mwalipira £5,600 galimoto isanasunthe. Wonjezani lole yodzainyamula, chifukwa simungaiyendetse, ndi inshuwalansi, ndi malo oisunga, poti ndi yotalika mamita oposa asanu ndipo magalaja ambiri a nyumba za ku Leicester siingalowe. Pa £7,000 yanu mwatsala ndi pafupifupi £1,000, yomwe ithera pa matayala, batire ndi oilo. Ndipo nyundo ikagwa, yagwa. Amagulitsa mmene mwaionera, kulibe kubweza.

Za kuitumiza kumudzi ndinena mwachidule. Chiwongolero chili mbali yoyenera, ndipo kwathu kulibe mchere wa m'misewu. Zabwino zathera pomwepo. Pali kontena, doko la Dar es Salaam kapena Beira, ndi a MRA pa chipata. Imamwa lita imodzi pa makilomita anayi kapena asanu, ndiye kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ndi malita pafupifupi 70. Petulo wa kwathu ndi wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, yemwe amadya mapaipi akale a labala ndi zamkati mwa makabuleta ngati simunazisinthe. Amakaniko a ku Ndirande ndimawalemekeza, ndi amene anandiphunzitsa kugwira sipanala, koma RR363 akaipeza kuti Loweruka m'mawa mkwatibwi atavala kale velo? Kuno muli ndi mwayi woti Flying Spares, amodzi mwa ogulitsa masipeya a galimotozi, ali ku Market Bosworth, pafupi ndi kwanu komweko. Ku Limbe sipeya iliyonse izidikira wachibale wobwera pa ndege.

Ndinalonjeza za matenda anga. Mu 2011 ndinapita ku okushoni ina kukangoonerera, ndinabwerako ndi Jaguar XJ6 ya 1984, yobiriwira, mipando ya chikopa chofiirira. Kunali mvula ndipo ndinachita ulesi kugona pansi, ine makaniko. Nyundo ili pafupi kugwa, bambo wina wa chipewa anakweza dzanja, ine mtima unandiuza kuti mzungu ameneyu asandipose, ndinawonjezera kawiri kupitirira pomwe ndinadziikira. Kunyumba nditakweza kapeti ndinaona simenti ya pa galaja langa kudzera pansi pa galimoto. Mathanki ake awiri a petulo onse anali obooka, ndipo mabuleki akumbuyo, omwe pa Jaguar imeneyi ali mkatikati pafupi ndi difu, ankafuna kutsitsa chimango chonse chakumbuyo. Inakhala pakhomo zaka ziwiri, ana akuisandutsa nyumba yamasanje, mpaka ndinaigulitsa kwa wophwasula pa theka la ndalama zanga. Mayi a ana anga mpaka lero akaona Jaguar pamsewu amangotsokomola.

Ndiye ndikanakhala inu ndikanachita chiyani? Pa tsiku loonera ndikanapita, ndithu, ndipo ndikanalipira katswiri wa galimotozi kuti tipite limodzi, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi zomwe angakupulumutseni. Akapeza pansi pali pouma, faelo ya malisiti ilipo mpaka 2009, ndipo chifukwa choimira chinali chakuti mwini wake anadwala kapena anasiya kuyendetsa, pamenepo lembani nambala pa kapepala, osapitirira £3,000, mupatse alamu agwirizire, ndipo akhale pambali panu m'holomo. Mwina ipita pamwamba pa imeneyo, isiyeni ipite. Akapeza mabowo kapena mafuta obiriwira m'thanki, bwererani kunyumba ndi £7,000 yanu, muwonjezere mashifiti a chaka china kapena ziwiri, mudzagule yomwe ikuyenda kale, ya mwini wa m'bungwe lija, amene angakuloleni kuiyendetsa musanalipire.

Mukapita, nditumizireni zithunzi zitatu kudzera kwa akonzi a magazini ino: m'munsi mwa chitseko cha dalaivala, pansi pa kapeti ya m'buti, ndi mkati mwa thanki ya mafuta a buleki chivundikiro chitachotsedwa. Za kutsogolo kwake musavutike kujambula, ndikukudziwa kale.