Zala zaphwa koma amayi akadali ofooka: yankho kwa bambo amene anafunsa za psoriatic arthritis

Bambo, ndawerenga funso lanu lija mukunena kuti amayi akunyumba anawapeza ndi psoriatic arthritis chaka chatha, ndipo ngakhale zala zaphwa chiyambireni mankhwala, iwo akungokhalira kugona, asiya kupita ku kwaya, ndipo achibale ayamba kunong'onezana kuti mwina ndi ulesi chabe. Ine ndakhala ndi nthenda yomweyi kwa zaka zambiri, choncho ndiloleni ndikuyankheni motalikirapo. Ndiyambe ndi kukutsimikizirani kuti si ulesi ayi.

Nthenda imeneyi ndi nyamakazi yobwera chifukwa chakuti chitetezo cha m'thupi chasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi thupi la mwini wake, makamaka khungu, zikhadabo, mfundo za mafupa ndi malo amene mitsempha yolimba imagwirira ku fupa. Mwa anthu 10 odwala nthenda ya pakhungu ya psoriasis, pafupifupi atatu amadzadwalanso nyamakazi imeneyi, ndipo kawirikawiri khungu ndi limene limayamba, mafupa n'kutsatira patapita zaka ngati 10. Pa khungu lathu lakuda zigamba zake sizioneka zofiira ngati za pa zithunzi za pa intaneti. Zimakhala zoderako kapena zotuwa, zokutidwa ndi mamba oyera ngati ufa, n'chifukwa chake ambiri amaziyesa chipere kapena khate. Koma si nthenda yopatsirana, ndipo munthu akhoza kudyera nawo mbale imodzi kapena kufunda nawo bulangeti limodzi popanda chiopsezo chilichonse.

Dokotala akamaona wodwala amawerenga mfundo zotupa ndi zotsatira za magazi, pamene wodwalayo amawerenga zinthu zina. M'chaka cha 2014 bungwe la akatswiri a nyamakazi la ku Ulaya lotchedwa EULAR linatulutsa mndandanda wa mafunso wotchedwa PsAID, umene unapangidwa mothandizana ndi odwala eniake, ndipo pa zinthu 12 zimene anati zimawasautsa, kupweteka kunali patsogolo, koma munalinso kutopa, kusowa tulo, kulephera ntchito, nkhawa, manyazi, kukhumudwa ndi kusiya kucheza ndi anthu. Zambiri mwa izi sizioneka ndi maso, ndipo sizichoka pa tsiku limene kutupa kwachoka.

Kutopa kwa nthenda imeneyi n'kosiyana ndi kwa munthu wochokera kumunda, amene akagona amadzuka ali ndi mphamvu. Ine ndinkadzuka m'mawa thupi lili gwa ngati thabwa, n'kukhala m'mphepete mwa bedi kupitirira theka la ola kudikira kuti msana ndi zala zimasuke, ndipo ndikaponda pansi koyamba chidendene chinkabaya ngati ndaponda msomali. Kuvundula nsima ya anthu asanu kunkanditengera mphamvu zonse za tsikulo, moti mthiko ndinkaugwira ndi manja awiri, ndipo kufinya chitenje chonyowa ndinkachita kupempha mwana. Munthu wofika masana ankandipeza nditakhala pa mkeka ndikuoneka bwinobwino, osadziwa kuti usiku wonse ndinali maso ndi kuyabwa. Mwina n'zimenenso achibale anu akuona. Kutopa kotereku kumachokera ku kutupa kwa m'kati kumene kukupitirirabe, ku tulo toduka, nthawi zina ku kuchepa kwa magazi, ndipo kwa ena ku methotrexate, mankhwala operekedwa kawirikawiri pa nthendayi, amene amafooketsa ndi kuchititsa nseru tsiku lotsatira munthu akamwa. Yang'anirani ngati amayi amafooka kwambiri pa tsiku lomwelomwelo la sabata, chifukwa zimenezo dokotala akhoza kuzikonza.

Chinthu china chimene chimatsitsa moyo wa odwala ambiri, koma sichikambidwa mokwanira, ndi matenda oyenda limodzi ndi nyamakazi imeneyi. Odwala psoriatic arthritis amapezeka kawirikawiri ndi kunenepa kopitirira, shuga, kuthamanga kwa magazi, mafuta m'chiwindi ndi matenda a mtima kuposa anthu ena. Mafuta a m'thupi amatulutsa zinthu zimene zimakolezera kutupa, ndipo akachuluka mankhwala sagwira bwino ntchito. Kafukufuku anaonetsa kuti kutsitsa ngakhale magawo 5 pa 100 a kulemera kwa thupi kumathandiza, kutanthauza kuti munthu wa makilogalamu 80 akataya anayi okha amatha kumva kusintha. Kunena n'kosavuta, koma munthu wopweteka chidendene sangathamange, choncho muyambe ndi kuyenda pang'onopang'ono madzulo ndi nsapato zofewa kunsi, kuchepetsa zitumbuwa, mandasi ndi zakumwa zotsekemera pakhomo ponse osati m'mbale ya amayi okha, ndi kuyezetsa BP ndi shuga ulendo uliwonse wa kuchipatala. Fodya ndi mowa zimaonjezera vutoli, ndipo mowa sugwirizana konse ndi methotrexate chifukwa zonse ziwiri zimalemetsa chiwindi.

Za kwaya zija zandikhudza kwambiri, chifukwa inenso ndinasiya kupita kumene kuli anthu. Tsiku lina m'minibasi mayi wina ataona mamba atayoyokera pa siketi yanga yakuda anasuntha mwana wake n'kumuika mbali ina, ndipo pa maliro ena munthu anabweza dzanja ataona zikhadabo zanga zokumbikakumbika. Sindinauze aliyense, ndinangoyamba kupeza zifukwa zokhalira pakhomo. Ngakhale msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unavomereza mu 2014 kuti psoriasis ndi nthenda yaikulu yosapatsirana imene odwala ake amasalidwa, uthengawo sunafike m'misika ndi m'matchalitchi mwathu. Kukhumudwa ndi nkhawa zimapezeka kwambiri mwa odwala nthendayi, ndipo munthu wokhumudwa amamva ululu mowirikiza, sagona, ndiponso amafooka pa kumwa mankhwala. Ngati amayi akhala masabata awiri kapena kuposerapo osasangalala ndi chilichonse, osafuna kudya kapena akulankhula zotaya mtima, zimenezo muzinene kuchipatala monga mmene munganenere bondo lotupa.

Pali zinthu zingapo za kwathu kuno zimene ndikupemphani muzisamale. Methotrexate amamwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, limodzi ndi folic acid pa tsiku lina, ndipo magazi ayenera kuyezedwa pafupipafupi. Ndi woopsa kwa mwana wosabadwa, choncho nkhani ya kulera muikambirane ndi dokotala. Sayenera kuphatikizidwa ndi Bactrim, amene anthu ambiri amapatsidwa kapena kugula okha, chifukwa kuphatikizako kukhoza kuchepetsa magazi m'thupi moopsa. Palinso nkhani ya HIV: madokotala a ku Lusaka analemba m'chaka cha 2000, ma ARV asanafale, kuti pafupifupi onse amene anawapeza ndi nyamakazi ya mtundu uwu anali ndi kachilomboka. Sindikutanthauza kuti aliyense wodwala nthendayi ali nako, koma kuyezetsa n'kofunika mankhwala ofooketsa chitetezo monga methotrexate asanayambe, monganso kuyezetsa TB ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, wogula mwachisawawa amapepuza thupi masiku ochepa, koma munthu akamusiya mwadzidzidzi khungu likhoza kubuka koposa kale, ndipo diclofenac, mankhwala opha ululu, womwa tsiku ndi tsiku amawononga m'mimba ndi impso. Achibale akabwera ndi maganizo otemera mphini pa mfundo zotupa, mukane mwaulemu koma molimba, chifukwa psoriasis imakonda kumera pamene khungu lachekedwa kapena kukandidwa. Ndipo diso likafiira, kupweteka ndi kudana ndi kuwala, musadikire tsiku lokaonana ndi dokotala mwezi wamawa, pitani tsiku lomwelo, chifukwa nthendayi imagwiranso maso.

Ulendo wotsatira wa kuchipatala mupite nawo, mutanyamula kope limene amayi alembamo kwa masabata awiri nthawi imene thupi limatenga kuti limasuke m'mawa, maola amene agona, ntchito zimene alephera ndi masiku amene afooka kwambiri. Ine ndinkangoyankha kuti "ndili bwinoko" dokotala akafunsa, mpaka tsiku limene ndinamuonetsa kope lotere, ndipo m'pamene anasintha tsiku lomwera mankhwala n'kupeza kuti magazi anga anali ochepa. Za kwaya musawakakamize, koma mukhoza kupempha amayi awiri kapena atatu a m'gulumo kuti adzaimbire nawo pakhomo Loweruka masana, nthawi imene thupi lamasuka, ndipo muwafotokozere asanafike kuti zigamba za pa chigongono sizipatsirana.