Chinaka chimawoleranji mukachidzala pakhomo?

Mayi amene mwafunsa kuti munagula chinaka mumsika wa Mzuzu, n'kuchidzala m'dimba koma chonse chinawola, vuto linayambira pa mbewu yomwe.

Chinaka ndi kambatata ka maluwa akutchire a mtundu wa orchid, makamaka Disa, Satyrium ndi Habenaria, omera m'maudzu a kumapiri ngati Nyika ndi Viphya komanso m'madambo. Mukakumba tsinde limodzi mumapeza timbatata tiwiri. Kena kamakhala kofota chifukwa kadyetsa masamba ndi duwa chaka chino, kena kolimba, kokhala ndi diso pamwamba, ndipo ndi komwe kadzaphuke dzinja likubwerali. Ka pamsika nthawi zambiri kamakhala katalasidwa ndi khasu, katanyala padzuwa, diso litanyuka m'thumba. Koteroko nkophika basi, osati kodzala.

Mukapeza kolimba, kopanda bala, kadzaleni mu Okutobala kapena Novembala mvula isanayambe. Tengani chitini kapena mphika wakuya masentimita 20 wobowola kunsi. Sakanizani magawo awiri a dothi la pamalo pomera udzu wachilengedwe, gawo limodzi mchenga wa kumtsinje, gawo limodzi masamba owolerana. Diso liyang'ane kumwamba, pafupifupi masentimita 5 pansi pa dothi. Feteleza ayi, zitosi za nkhuku ayi, phulusanso ayi. Zomerazi zinazolowera nthaka yosauka, ndipo mizu yake imakhalira limodzi ndi timaulusi ta bowa wa m'nthaka tosaoneka ndi maso; mchere wa feteleza umatentha mizu n'kusokoneza bowayo. Thirirani madzi a mvula, ndipo chitini chikhale pomwe dzuwa la m'mawa limafika.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi apa. Chikachita maluwa, pakati pa Disembala ndi Malichi malinga ndi mtundu, masamba amachita chikasu n'kuuma, ndipo kambatata kamagona. Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, mpaka Epulo kapena Meyi, kenaka mawawa a nthawi yozizira. Madzi akadikha m'chitini kambatata kali chigonere, kamasanduka phala. Masamba akangouma, sunthirani chitinicho pakhonde, muzingowaza timadzi pang'ono kuti dothi lisachite gwa. Samalaninso ndi makoswe ndi mfuko, komanso nkhono zimene zimadya mphukira usiku.

Koma tisanamizane, uwu si ulimi wa mbatata. Kambatata kamodzi nthawi zambiri kamangobereka kamodzi kolowa m'malo mwake, choncho wofuna matumba ogulitsa adzakhumudwa. Chimachulukana ndi njere, zomwe ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo zilibe chakudya m'kati. Sizimera pokhapokha zitakumana ndi bowa uja. Zitheba zikayamba chikasu zisanang'ambike, zithyoleni muwaze njerezo mozungulira tsinde la make, osakwirira. Zochepa zokha ndi zimene zimamera, ndipo zimatenga zaka zingapo kuti zichite maluwa.

Za kukakumba ku Nyika iwalani, ndi malo otetezedwa ndipo ndi mlandu. Kutulutsa maluwa amenewa kunja kwa dziko kumafunanso chilolezo pansi pa pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire lotchedwa CITES. Amene ali ndi dambo kumudzi pomwe chinaka chimamera chokha ali ndi mwayi kuposa wa chitini: asalimepo, asadyetsepo ng'ombe nthawi ya maluwa, azikumba timbatata pokhapokha njere zitawazika kale, ndipo pa mapando ambiri azisiya osakhudza.