Chitsiru, wopusa kapena mbuli?

Mayi wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo. Akuti mlongo wawo anagulitsa chimanga chonse kwa mavenda atangokolola mu Meyi, ndiye pofika Januwale anayamba kugula cha m'timbale pamsika wa Zomba. Amalume awo anamunena kuti chitsiru, ana akumva, ndipo mpaka lero awiriwo sayankhulana. Akufunsa kuti kodi chitsiru si wopusa yemweyo, kapena mbuli? Nanga mkwiyo wonsewu ngwachiyani?

Achemwali, mawuwa salemera chimodzimodzi.

Mbuli ndi munthu wosadziwa basi. Mukamufotokozera, umbuli watha. Mlongo wanuyo si mbuli, chifukwa mlimi aliyense amadziwa kuti mtengo wa chimanga umagwa nthawi yokolola n'kukwera miyezi ya njala.

Kupusa ndi kugona m'maganizo, kuchedwa kuzindikira. Wopusa amakhala ndi womudyera, n'chifukwa chake timati wapusitsidwa. Uja amalandira uthenga pafoni woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", osaimba n'komwe kuti amve mawu a mwiniwake, n'kuthamangira kwa ejenti, ameneyo wapusa. Akuluakulu anati wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina. Komabe kupusa kumatha kukhala kwa tsiku limodzi, ndipo anthu ocheza amauzana kuti "iwenso usapuse" n'kuseka.

Chitsiru ndiye china. Chimadziwa, chinauzidwa, mwina chinapsapo kale, koma chimabwereza ndipo sichimva za munthu. Sukulu siyiteteza ku zimenezi. Wa digiri ya ku Chirunga akhoza kukhala chitsiru, agogo osalemba dzina lawo n'kukhala anzeru m'mudzi monse. Ambiri tikukumbukira Ogasiti 2011, pomwe malemu Bishopu Joseph Zuza, polalikira ku Comesa Hall ku Blantyre, Pulezidenti Bingu wa Mutharika ali pomwepo, ananena kuti wodziona ngati wangwiro ndi "chitsiru chamunthu", m'Chitumbuka "chindere chakufikapo". Dziko linagwedezeka, ngakhale sanatchule dzina la aliyense.

Mvetseraninso mmene mawuwa amayendera m'chiganizo. Timati wopusa uja wabwera, koma chitsiru chija chabwera. Chija, chabwera, ngati tikunena chitsa kapena chikho. Munthu wachotsedwa pagulu la anthu, ndipo ulemu wa "a" ulibenso pokhala. Bambo wa pabanja pake kumunena choncho ana ali pomwepo, ine sindikudabwa kuti wakwiya.

Tsono chinamugulitsitsa chimangacho n'chiyani? Ngati inali fizi, matenda kapena ngongole ya feteleza, umenewo ndi usiwa, si uchitsiru. Ngati ndalamazo zinathera kumowa, chonsecho chaka chatha zinali chimodzimodzi, amalumewo sananame, koma akanamuitanira kuseri. Akanathanso kunena kuti "wachita zopusa", mawu odzudzula chimene munthu wachita osamuvula ulemu. Powayanjanitsa muyambire pamenepo, kuti amalume abweze liwu limodzi lokhalo, zachimangazo zikambidwe pambuyo.