Musafulumire kunena kuti anakugulitsani zabodza

Achimwene ena a ku Dwangwa anditumizira imelo. Akuti anapanga kachipangizo koti kazilira munthu akadutsa pakhomo la khola la mbuzi: LED ya infrared (kababu kotulutsa kuwala kosaoneka ndi maso) mbali ino, photodiode (kachida komva kuwalako) mbali inayo, kachipu ka LM358 koona ngati kuwalako kwatchingidwa pakati, kenako buzzer yolira. Usiku m'nyumba kamagwira bwinobwino. Akakatulutsa panja masana kamangoti zii, ngakhale munthu ataima pakatikati. Ndiye akufunsa kuti, kodi anandigulitsa zida zabodza?

Funso lomalizali ndi limene landikhazika pansi, achimwene, chifukwa ndimalimva pafupifupi tsiku lililonse kuno ku Salima. Munthu amabwera ndi chinthu m'jumbo, asanakhale n'komwe wagamula kale mlandu: chida ndi chabodza, wogulitsa ndi wakuba. Zabodza zilipo, sindikukana. Mabatire olembedwa manambala akuluakulu koma opepuka ngati mulibe kanthu tonse tinawagulapo. Koma LED ya infrared ndi kanthu kotchipa kwambiri moti amene angavutike kupanga yabodza ndiye kuti alibe chochita.

Ine ntchito ya mawaya ndinaiphunzirira pakhonde la mdala wina wokonza mawailesi pa boma la Nkhotakota. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pa kabenchi kake n'kumamugwirira waya akamawotcherera. Nthawi imeneyo mavidiyo sho anali atangofala, ndipo eni ake ankabwera ndi marimoti atakwiya, akuti yafa. Mdalayo sankatsegula rimoti msanga. Ankayamba watenga kawailesi kake kakale, kosweka chivundikiro, komangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Ankakaika pa MW, pamalo popanda siteshoni, pongomveka mphepo. Kenako ankagunditsa rimoti pa wailesiyo n'kudina batani. Ikakhala yamoyo mumamva trrr, trrr, batani lililonse kalilidwe kakekake. Mwini wake ankatong'ola maso ngati waona zamatsenga. Mdala osaseka, ankangotembenuza rimoti, kutsegula kumbuyo, n'kumuonetsa kasipuling'i ka batire katachita dzimbiri lobiriwira. Kunyanja kuno chinyontho chimadya zitsulo, komanso anthu amasiya mabatire mpaka atatuluka madzi. Ankapala ndi kampeni, kupukuta mabatani a mphira ndi spiriti, basi. Ambiri mwa marimoti amenewo sanasinthidwe kanthu kalikonse.

Chimene ndinatola pakhonde lija n'chakuti chinthu chimene maso sangachione uyenera kuchipezera mboni. Wailesi inali mboni yake. Inkangomuuza kuti ubongo wa rimoti ukugwira ntchito, osati kuti LED ikuwala, koma theka la mlandu linali litatha pomwepo. Ife lero tili ndi mboni yoposa pamenepo m'thumba, kamera ya foni, koma anthu saigwiritsa ntchito. Lozetsani rimoti ku kamera, dinani batani, muona kakuwala kotuwa kofiirira kakuphethira pa sikirini. Mafoni ena odula amasefa kuwala kumeneku pa kamera yakumbuyo, ndiye yesani yakutsogolo, kapena bwerekani kafoni kotchipa ka mlamu wanu.

Maso athu amalekezera cha pa 700 nm (nm ndi muyeso wa utali wa funde la kuwala), pamene pathera mtundu wofiira. LED za m'marimoti zambiri zimawala pa 940 nm, kutali ndithu ndi pamene diso lingafike. Amene anatulukira kuwala kumeneku, William Herschel, m'chaka cha 1800, nayenso sanakuone ndi maso. Anamwaza kuwala kwa dzuwa ndi galasi la prism, n'kumaika thermometer pa mtundu uliwonse, ndipo ataiika kuseri kwa mtundu wofiira, pamene panalibe chooneka, inakwera kuposa penapaliponse. Mwamva bwino pamenepo? Kuwalako anakupeza m'dzuwa. Pafupifupi theka la mphamvu imene dzuwa limatithira pano pansi ndi infrared yomweyi.

Ndiye taganizani dzuwa la ku Dwangwa mu Okutobala, lija lowotcha mapazi ngakhale mutavala patapata. Ka LED kanu kakukoka timagetsi tochepa, mwina 17 mA. Kuika kameneko panja masana kuli ngati kuyatsa koloboyi pa mchenga wa ku Senga Bay dzuwa lili paliwombo, n'kumafunsa munthu ngati waona pamene mwaizimitsa. Photodiode yanu yakhuta kale kuwala kwa dzuwa, kochokera kumwamba, kunyezimira pa malata, pa khoma la laimu, pa dothi louma. Munthu akatchinga LED, iyo siona kusiyana kulikonse. Siinafe, ndipo si yabodza. Ikuchita ndendende zimene inapangidwira.

Apa ndiye pamene zimandikwiyitsa zojambula za pa intaneti zija anthu amangokopera. Ambiri amene amazijambula amayesera pa tebulo m'chipinda chotseka makatani, LED ndi photodiode zitatalikirana ngati chala chimodzi, zikayaka amajambula vidiyo, nkhani yatha. Palibe amene amakuuzani kuti mukaitulutsa pabwalo izisiya. Mwana wa sekondale amasunga ndalama ya mandasi, kutuma munthu ku Lilongwe kukamugulira zida, kulumikiza zonse monga mwa chithunzi, zikakanika amadziona ngati mbuli n'kusiyiratu. Ndawaonapo otere ambiri, ena a mitu yakuthwa zedi. Kusukulu nakonso sizithandiza. Mwana amaloweza lamulo la Ohm mpaka kukhoza mayeso, koma mpatseni mita yoyezera magetsi m'manja, sadziwa chingwe chofiira chilowa pati. Sindikunyoza aphunzitsi, ambiri alibe ngakhale mita imodzi pasukulu yonse. Koma ndikanakhala ndi mphamvu, bwenzi kalasi iliyonse ya sayansi ili ndi katoni ya ma DVD akufa ndi madikoda otayidwa, ana azing'amba. M'kati mwa chilichonse chimene chimamvera rimoti ya infrared muli kachida kamiyendo itatu, kakuda, kokhala kuseri kwa kawindo kakutsogolo. Kameneko ndiye yankho lenileni la funso lanu, ndipo anthu akukataya kudzala tsiku ndi tsiku.

Ndinene mosabisa: photodiode yokhayokha ndi LM358 si ya panja. Ndi yophunzirira, ndi ya m'nyumba. Amene anapanga marimoti vuto la dzuwa ndi mababu analiona kalekale, ndipo sanalimbane nalo powonjezera mphamvu ya LED. Anachititsa LED kuti iziphethira ka 38,000 pa sekondi imodzi, ndipo kolandira kaja anakapanga koti kazimvera kuphethira kwa liwiro limenelo basi. Dzuwa siliphethira, limangowala mosalekeza, ndiye kamalinyalanyaza. N'chifukwa chake TV ya pa grocery imamvera rimoti masana chitseko chili pululu.

Mwina muti akuba amabwera usiku, za masana zili ndi ntchito yanji. Funsani amene anabedwapo mbuzi mudzi wonse uli kumaliro.

Zoti muchite

Yambani ndi zimene muli nazo, mbali imodziimodzi. LED iyeseni ndi kamera, mutayamba mwayesa kamerayo pa rimoti yamoyo. Pa chaja ya 5V ikani resistor ya 220 ohm, mwendo wautali wa LED kumbali ya positive. Photodiode imalumikizidwa chozondoka: mwendo waufupi ku 5V, wautali ku resistor ya 10k yopita ku ground. Ikani mita pamene ziwirizi zakumana. Mukaiphimba ndi chala nambala itsike kufupi ndi 0, mukailozetsa ku LED ikwere. Kenako tulukani nayo panja. Mukaona yakakamira kufupi ndi 5V, LED iyake kapena izime, mlandu wa dzuwa watsimikizika.

Chithandizo cha msangamsanga: lowetsani photodiode m'kati mwa kachubu ka bolopeni kokulungidwa ndi tepi yakuda, kuti iziona kutsogolo kokha, isayang'ane kum'mawa kapena kumadzulo, ndipo tsitsani 10k ija ifike pa 2.2k kapena 1k. Pakhomo lopapatiza lokhala pamthunzi zimatheka.

Chithandizo chenicheni ndi kachipu ka 555 kochititsa LED kuphethira pa 38 kHz, ndiko kuti ka 38,000 pa sekondi kaja. Ma resistor awiri, R1 ya 1k ndi R2 ya 18k, pamodzi ndi capacitor ya 1nF, ija yolembedwa 102, zimakufikitsani pafupi, ndipo mukaika resistor yopotokola m'malo mwa R2 mutha kukonza bwino. Mbali yolandira ikani kachida kamiyendo itatu kaja, monga TSOP1738, VS1838B, kapena kozula mu dikoda yakufa. Samalani miyendo: siifanana. Mukayang'ana kutsogolo kwake, VS1838B imayamba ndi output, ground pakati, magetsi kumapeto, pomwe TSOP1738 imayamba ndi ground, kenako magetsi, output pomaliza. Ikani resistor ya 100 ohm ndi capacitor ya 4.7µF pa mwendo wa magetsi. Kakalandira kuwala output imatsika, sikwera, ndiye buzzer yanu muiganizire motero. Chinanso, zambiri mwa zolandirazi mukazithira 38 kHz yosadukiza zimaizolowera n'kugontha pakapita kanthawi, choncho pamafunika 555 yachiwiri yoti izidula kuwalako m'tizidutswa, ndi capacitor ku output yoti buzzer isamalire pa mpata uliwonse.

Mukamakhoma pakhomo la kholalo, kwezani zonse zifike cha pachifuwa cha munthu. Mukaika m'munsi mbuzi zanu zomwe ndi zimene zizikudzutsani usiku wonse, ndipo sabata isanathe mayi a kunyumba adzazula batire. Mukayesa ndi mita, munditumizire nambala ya m'nyumba ndi ya panja, komanso mundiuze kuti khomolo ndi lotambalala mamita angati, chifukwa likapitirira awiri tifunika kukambirana zoyendetsa LED ndi transistor.